Ma midge ndi nkhupakupa za ku Scotland: werengani izi musanakamange tenti

Juni akangoyandikira, foni yanga siipuma. Uyu akuchokera ku Leeds ndi ana, uyo wangofika kumene kudzaphunzira ku Edinburgh, enanso ndi gulu la kwaya lofuna kukagona m'matenti ku Loch Lomond, ndipo funso ndi lomwelija: "Achimwene, tizilombo timene amanena ku Highlands tija n'toona, kapena azungu amangokokomeza?" Ndatopa kujambula mawu pa WhatsApp. Ndalemba pano kamodzi, wofunsanso ndizingomuponyera izi.

N'toona, ndipo tilipo mitundu iwiri. Kamene kadzakulizitseni ndi midge, koma kameneka sikapatsa munthu matenda ku Scotland kuno. Kamene simudzakamva n'komwe pokulumani ndi nkhupakupa, ndipo ndiyo ingakudwalitseni miyezi. Anthu ambiri amakonzekera koyambako n'kuiwala kachiwiri.

Midge amatchula kuti "miji", ndipo eni dziko amakonda kunena kuti "midgies". Ndi kantchentche kochepetsetsa, mamilimita awiri sikakwana bwino. Amene munakulira ku Nkhata Bay kapena ku Likoma mukudziwa nkhungu zija zimatuluka m'nyanja ngati utsi. Maonekedwe ake ndi omwewo, kusiyana kwake n'kwakuti nkhungu timadya ndife, pamene awa amadya ife. Amaswana m'dothi lonyowa la m'madambo a kumapiri, ndipo oluma ndi aakazi okha, pofuna magazi oti akhwimitsire mazira. Amatipeza ndi mpweya umene timatulutsa popuma.

Ine ndinaphunzira ndi thupi. Ulendo wanga woyamba ku Glen Coe unali mu Julayi, ndipo ndinasankha malo monga tikanasankhira kwathu: pamthunzi, pansi pa mitengo, pafupi ndi mtsinje, pobisika ku mphepo. Madzulo kunja kuli zii, ndinateleka madzi a nsima. Ndisanathire n'komwe ufa wachiwiri, anali ali m'makutu, m'mphuno, m'zikope, pansi pa chipewa. Phala lija linachita madontho akuda ngati wina wawazamo tsabola. Tinadyera m'galimoto buledi wouma, mawindo otseka, ana akulira. Zonse zimene ndinaona ngati malo abwino zinali zolakwika, ndiye tiyeni tiyambire pamenepo.

1. Sankhani mwezi ndi dera.

Ma midge amayamba chakumapeto kwa Meyi n'kutha mu Sepitembala, ndipo Julayi ndi Ogasiti ndiye pachimake. Ngati ntchito ndi sukulu za ana zikulolani, pitani kumayambiriro kwa Meyi kapena kumapeto kwa Sepitembala. Kumadzulo ndi kumpoto chakumadzulo, monga Glen Coe, Fort William, Skye ndi njira yonse ya West Highland Way, ya makilomita 154 kuchokera ku Milngavie, ndiko kwawo. Kum'mawa, chakugombe la Fife kapena Aberdeenshire, n'kouma ndipo n'kwamphepo, choncho alipo ochepa. Pa intaneti pali Scottish Midge Forecast, imene imapereka manambala kuyambira 1 mpaka 5. Mukaona 4 kapena 5 pamalo amene mukupita, musadzinamize.

Nkhupakupa zokha sizitsata kalendala imeneyi. Zimayamba cha mu Malichi mpaka Okutobala, ndipo zili paliponse pamene pali agwape ndi nkhosa, ngakhale m'mapaki a pafupi ndi tauni. Kuthawa ma midge popita mu Meyi si kuthawa nkhupakupa.

2. Gulani zida musananyamuke.

Choyamba ndi neti ya kumutu. Onetsetsani kuti palembedwa kuti ndi ya midge. Neti ya udzudzu imene munabwera nayo kuchokera kumudzi siithandiza, mabowo ake midge amangolowa ngati pakhomo. Aliyense akhale ndi yake, ndi chipewa cha mlomo chovala mkati kuti netiyo isagunde nkhope. Mudzaoneka ngati mlimi wa njuchi, inde, koma aliyense kumeneko amaoneka choncho ndipo palibe amene amaseka mnzake.

Chachiwiri ndi mankhwala odzola. Werengani kuseri kwa botolo: mukufuna picaridin, amene ena amalemba kuti saltidin kapena icaridin, kapena DEET. Smidge, amene amagulitsidwa pafupifupi m'sitolo iliyonse ya kumapiri, ndi wa picaridin. DEET amagwira bwino koma amasungunula pulasitiki, ndiye samalani ndi magalasi a maso, lamba wa wotchi ndi jekete la mvula. Mudzamvanso anthu akutamanda mafuta a Skin So Soft. Amenewo ndi mafuta a khungu, sanapangidwe ngati mankhwala othamangitsa tizilombo, ndipo pa nkhupakupa ine sindingawadalire. Za ana, botolo lililonse limanena msinkhu woyambira, tsatirani zimenezo. Ngati mukudzola zoteteza ku dzuwa, yambani izo, mankhwala a tizilombo abwere pamwamba.

Chachitatu, chimene ambiri amaiwala, ndi chochotsera nkhupakupa. Chilipo chonga kambedza ka pulasitiki kokhala ndi mpata ngati phazi la mbuzi, chilipo chonga khadi ya ku banki chong'ambika pakona, ndipo pali tweezers wa nsonga zoonda. Wa nsidze uja, wa kukamwa kophwatalala, ayi. Zimapezeka ku famase ndi kwa madokotala a ziweto, mtengo wake mapaundi ochepa. Onjezerani kalilole wamng'ono, tochi yowala bwino, ndi mapiritsi ochepetsa kuyabwa a antihistamine.

3. Valani ngati mukupita kukakolola chitedze.

Malaya aatali manja, buluku lalitali, ndipo miyendo ya buluku muilowetse m'sokosi. N'zosaoneka bwino pa chithunzi, koma nkhupakupa siuluka ndipo siidumpha. Imakwera pa nsonga ya udzu kapena pa masamba a bracken, chomera chija chimamera thithithi m'mbali mwa mapiri, n'kutambasula miyendo kudikira chodutsa. Ikakugwirani pa nsapato imayamba kukwera kufunafuna khungu. Mukaitsekera pa akakolo, ulendo wake umatalika ndipo mumaiona isanafike. N'chifukwa chake zovala zikhale zowala, zoyera kapena za khaki: kadontho kakuda kamaonekera, komanso ma midge amakonda zakuda. Zilipo zovala zothiridwa mankhwala opha tizilombo a permethrin, ndipo zimathandiza. Ngati muli ndi mphaka kunyumba dziwani kuti mankhwala amenewa kwa mphaka ndi poizoni.

Poyenda, khalani pakati pa njira. Ana amakonda kugubuduzika mu udzu wautali ndi kubisala mu bracken. Sindikunena kuti muwaletse zonse, koma tsiku limenelo mfundo 6 muichite kawiri.

4. Mangani tenti pamene pakuomba mphepo.

Midge ndi wofooka pouluka. Mphepo ikangopitirira makilomita 11 pa ola, kamphepo kongogwedeza masamba, amakhala pansi. Dzuwa lowala salikondanso. Nthawi yake ndi m'bandakucha, chisisira, ndi tsiku lililonse la mitambo lopanda mphepo. Choncho funani pamtunda, poyera, kutali ndi dambo ndi mitengo, khomo la tenti liyang'ane kumene kukuchokera mphepo. M'mbali mwa nyanja ya mchere nthawi zambiri mumakhala bwino.

Kumbukirani kuti m'chilimwe dzuwa kuno limalowa cha m'ma 10 koloko usiku. Ife tinazolowera kuphika dzuwa litapendeka, ndiye mukadikira zimenezo mudzaphikira pakati pa nkhondo. Phikani msanga, idyani, tsukani mbale, chisisira chikupezeni muli mkati. Zipi ya tenti izitsekedwa nthawi iliyonse, ngakhale mukungotuluka kukatenga supuni. Musaphikire mkati mwa tenti pothawa ma midge, utsi wa sitovu umapha anthu mwakachetechete. Akakuzingani muli panja, yendani ndawala, satha kukutsatani. Oima chilili akujambula zithunzi ndiwo amadyedwa.

Lamulo la 2003 limalola kumanga tenti m'malo ambiri a tchire ku Scotland, koma m'zigawo zina za Loch Lomond ndi Trossachs pamafunika chilolezo kuyambira Malichi mpaka Sepitembala. Konzani zimenezo muli kunyumba, kuti musakakamizike kugona pamalo oipa chifukwa kwada.

5. Mukalumidwa ndi midge.

Mudzalumidwa ndithu. Timatuza tating'ono toyabwa, timatha patapita masiku ochepa. Sambani, ikani kansalu kozizira, imwani antihistamine, ndipo musakande. Pa khungu lathu kukanda kumasiya mabala akuda amene amatenga miyezi kuti afufutike. Ngati milomo kapena nkhope zatupa, kapena munthu akubanika, imbani 999.

6. Dzifufuzeni madzulo aliwonse.

Apa ndi pamene ndikufuna mukhale pansi, chifukwa timapepala tambiri timangoti "fufuzani nkhupakupa" n'kudutsa, ngati kuti n'chinthu chapafupi.

Tikamva kuti nkhupakupa, m'mutu mwathu mumabwera zija za ng'ombe za ku dibi, kapena zonenepa zolendewera m'khutu la galu. Ya kuno ikakhuta imafikadi pamenepo, imaoneka ngati njere ya nsatsi, ndipo dzina lake la sayansi, Ixodes ricinus, linachokera ku nsatsi komweko. Koma imene imaluma anthu kawirikawiri ndi yaing'ono, yosakhwima, kukula kwake ngati kanjere kamodzi ka mawere. Yaikulu yosakhuta ili ngati njere ya chitowe. Malovu ake amachititsa dzanzi, moti simumva kanthu. Tsopano ganizirani kanjere ka mawere kakuda pa khungu lakuda, m'tenti, usiku. Mzungu amaiona patali ngati ntchentche mumkaka. Ife maso okha satikwanira.

Ndiye gwiritsani ntchito zala. Vulani zonse, yatsani tochi, muyendetse nsonga za zala pang'onopang'ono pakhungu ngati mukusankha mpunga. Mukufuna kanthu kolimba, kotukuka pang'ono, konga nkhanambo kapena kamchenga komatirira kamene sikakuchoka mukakapukuta. Mukakapeza, walitsani tochi chammbali osati mwachindunji, kuti kachite chithunzithunzi, kenaka jambulani ndi foni n'kukulitsa chithunzicho. Mukaona timiyendo, ndi yomweyo.

Imakonda malo ofunda, obisika ndi a chinyezi: kuseri kwa mawondo, m'mphechepeche, m'chiuno modutsa lamba, pamchombo, m'khwapa, pansi pa mabere, pakati pa zala za kumapazi, ndi pakati pa matako. Kumene maso safika, kalilole kapena mnzanu wa m'nyumba athandize. Manyazi apa alibe ntchito. Pa gulu la mpingo kapena la kwaya, gwirizanani kuyambira tsiku loyamba kuti amayi aziona amayi anzawo kumsana ndi m'khosi, abambo chimodzimodzi, apo ayi aliyense adzangoti "ine ndili bwino" n'kukagona.

Ana amalumidwa kwambiri kumtunda, chifukwa ndi aafupi: m'khosi, kuseri kwa makutu, m'malire a tsitsi ndi m'mutu. Mwana wamkazi woluka tsitsi mumuone mzere uliwonse, kuyambira pamphumi mpaka kunkhongo. Achemwali ovala wigi, ivuleni madzulo, mupapase m'mphepete monse. Mwana wanga wamng'ono ndinamupeza nayo kuseri kwa khutu tsiku lachiwiri, nditamuona kale dzulo lake ndi maso n'kunena kuti palibe. Chinaipeza ndi chala, pomupukuta atasamba.

Changu chikufunika chifukwa tizilombo ta matenda a Lyme, amene nkhupakupa zimafalitsa, sitilowa nthawi yomweyo. Nkhupakupa ikakhala pathupi nthawi yaitali, makamaka kupitirira tsiku lathunthu, mpata wotenga matenda umakula. Yochotsedwa madzulo omwewo kawirikawiri imakhala isanachite kanthu. Si nkhupakupa iliyonse ili ndi matendawa, zambiri zilibe, koma simungazisiyanitse poziona.

7. Ichotseni bwino.

Zakumudzi zija ziiwaleni. Musaiotche ndi machesi kapena ndudu, musaipake vaselini, parafini, mowa kapena polishi wa zikhadabo kuti "ibanike ituluke yokha", ndipo musaifinye mimba ndi zala. Nkhupakupa yovutitsidwa ikhoza kubwezera za m'mimba mwake m'thupi mwanu, zomwe ndi zimene mukuthawazo.

Ngati muli ndi tweezers, igwireni pafupi penipeni ndi khungu, pamutu osati pamimba, n'kukokera m'mwamba pang'onopang'ono, osagwedeza, osapotokola, osatsomphola. Khungu lidzatukuka ngati kahema, pitirizani kukoka mofatsa, idzasiya. Ngati muli ndi kambedza kaja, kalowetseni chammbali mpaka nkhupakupa ikhale mu mpata, kwezani pang'ono, zungulizani mbali imodzi mpaka itachoka. Kupotokola n'kwa kambedza kokha. Khadi mumangoitsetsereka pakhungu mpaka nkhupakupa italowa mong'ambikamo n'kutuluka. Pa tating'onoting'ono tija, kambedza kakang'ono kapena tweezers ndiye amagwira bwino.

Mukatero tsukani pamalopo ndi sopo kapena mankhwala opha majeremusi, musambe m'manja. Kakatsalira kachidutswa kakuda ka kukamwa kwake, musakumbe ndi singano mpaka magazi. Thupi limakatulutsa lokha ngati kaminga, inu muzingoona kuti pasachite mafinya. Nkhupakupayo ikulungeni mu selotepi muitaye, osaiphwanya ndi zikhadabo.

Kenaka chitani ichi, chimene pafupifupi aliyense amadumpha: jambulani pamalopo, ndipo lembani mu foni tsiku, dera limene munali, ndi mbali ya thupi. Pakatha masabata atatu simudzakumbukira kuti unali mwendo uti.

Mukafika kunyumba, zovala zonse za ulendo ziponyeni mu makina oumitsira pa moto waukulu kwa mphindi zosachepera 10 musanazichape. Chimapha nkhupakupa ndi kuuma, madzi ofunda okha zimapirira. Tenti ndi zikwama zikutumuleni panja. Galu ngati anapita nawo, naye apapasidwe.

8. Yang'anirani kwa miyezi itatu.

Matenda a Lyme anatenga dzina ku tauni ya Lyme ku Connecticut, ku America, kumene ana ambiri anapezeka ndi kutupa kwa mfundo mu 1975, ndipo kachilombo kake, Borrelia, kanadziwika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Chizindikiro chake chodziwika ndi chibanga chozungulira chimene chimakula kuchokera pamene panalumidwa. Madokotala amachitcha erythema migrans. Nthawi zambiri chimaoneka pakati pa sabata imodzi ndi masabata anayi, koma chikhoza kuchedwa mpaka miyezi itatu.

Mukafufuza zithunzi zake mudzaona bwalo lofiira pa khungu loyera, pakati poyera, ngati chandamale. Pa ife kawirikawiri sichioneka choncho. Chikhoza kukhala chabe dera loderapo kuposa khungu lozungulira, lofiirira kapena lobiriwira ngati pamene munagunda pa tebulo, ndipo mu kuwala kwa babu la m'nyumba mwina simungachione n'komwe. Chioneni masana pawindo, muyerekeze ndi mwendo kapena mkono winawo. Mukakayika, zungulizani m'mphepete mwake ndi bolopeni, mujambule, muonenso pakapita masiku awiri. Chikadumpha mzere wa bolopeni, chikukula, ndipo kukulako ndiko chizindikiro chenicheni, osati mtundu. Chimatha kupitirira masentimita 5 n'kumapitabe.

Zolakwika ziwiri ndaziona pakati pathu. Choyamba ndi kunena kuti "ndi chipere ichi" n'kugula kirimu. Chipere chimayabwa ndipo chimakhala ndi mamba m'mphepete. Chibanga cha Lyme kawirikawiri n'chosalala, sichiyabwa kwenikweni, sichitentha, sichipweteka, n'chifukwa chake anthu amachinyozera. Kufiira kapena katuza koyabwa kotuluka tsiku lomwelo mwalumidwa n'kuyamba kuzilala pakapita masiku awiri, kameneko ndi kukwiya kwa khungu chabe.

Chachiwiri ndi malungo. Ena chibanga sichituluka n'komwe, amangomva kutentha thupi, litsipa, kuphwanya m'mfundo ndi kutopa kosaneneka. Mmalawi akamva zimenezo amati malungo, kapena chimfine cha kuno, n'kumwa panado. Ku Scotland kulibe malungo. Ngati mwangobwera kumene kuchokera kumudzi, inde kayezetseni malungo tsiku lomwelo, koma muwauzenso za nkhupakupa. Lyme yosachizidwa imatha kufika m'mitsempha, nkhope n'kugwa mbali imodzi, bondo n'kutupa, ngakhale mtima kumagunda mosalongosoka.

Pitani kwa GP wanu, dokotala amene munalembetsa kwa iye, kapena imbani 111, nambala ya thandizo la zaumoyo, ngati ndi usiku kapena kumapeto kwa sabata. Musadikire kuti akufunseni, chifukwa dokotala wa ku Birmingham kapena ku Luton mwina sangaganize za Highlands, ndipo si onse anaonapo chibanga chimenechi pa khungu lakuda. Nenani nokha kuti munalumidwa ndi nkhupakupa tsiku lakuti, kudera lakuti, ndipo chibangachi chikukula, muonetse zithunzi zija motsatana masiku ake. Malangizo a bungwe la zaumoyo la NICE, amene madokotala a ku Britain amatsatira, amanena kuti chibanga cha erythema migrans chikaoneka munthu ayambe mankhwala popanda kudikira kuyeza magazi, chifukwa m'masabata oyamba magazi amatha kuonetsa kuti mulibe kanthu pamene matenda alimo. Akuluakulu amapatsidwa doxycycline kwa masiku 21, ana aang'ono ndi amayi oyembekezera amapatsidwa ena monga amoxicillin, choncho ngati muli ndi pakati nenani. Chibanga chidzazilala mankhwala asanathe, inu mumalize masiku onse 21.